Alefa Sali M'chiwerengero

MUTU 6

1. Nambala za pa foni ya a Madamu

Ukafuna kudziwa amene wathawa banja, amene wapatsidwa mimba, kapena bambo amene wagulitsa nandolo wa mkazi wake mobisa kuno kumtunda kwa Nkando, usavutike n'kutsegula wailesi. Ungofunsa Jennifer. Mtsikana ameneyu anali mu Sitandade 7, koma nkhani zimene ankasunga m'mutu zinkaposa za azimayi onse a pamjigo. Akapita kotunga madzi, ndowa inkadzaza mpaka kusefukira iye akadali pakati pa nkhani.

Nkhani imodzi yokha ndi imene sankaitulutsa pakamwa. Imeneyi inali ya mng'ono wake, Alefa.

Alefa anabadwa wosamva, ndipo salankhula. Anali ndi zaka khumi koma pabwalo la sukulu anali asanapondepo. Mlendo akangoti "Odi!" amayi awo, a Dainess, ankamukankhira kuseri kwa nyumba. Komatu awiriwa, Jennifer ndi Alefa, ankacheza kwabasi! Anali ndi kalankhulidwe kawokawo ka manja. Kugwira tsaya ndiye kuti amayi. Kusisita pamimba, njala. Kufufumitsa masaya n'kutuzula maso, amenewo ndi malume awo, a Lenard. Miseche yonse ya pamjigo Jennifer ankabwera nayo kudzaifotokoza ndi manja, Alefa n'kumaseka mpaka kugubuduka pamkeka.

Tsiku lina a Madamu Marjory analowa m'kalasi foni ili m'manja.

"Lero tiphunzira za chiwerengero cha anthu," anatero. "Mukuona apa si zachinsinsi ayi. Aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kuziona. Zinachokera ku kalembera uja anachitika inu muli aang'ono. Zikutiuza kuti kudera lathu lino kuli anthu angati, akazi angati, amuna angati, ana angati."

Ana onse anaunjikana patebulo. Kondie, mnzake wa Jennifer, anakweza mkono.

"Madamu, taonani ngati analembamo kuti Jennifer ali ndi malilime angati."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Jennifer anamutsina Kondie pantchafu.

A Madamu anatsitsa chala pafonipo n'kuima pamzere wina. "Apa ndi pa ana osamva ndi osalankhula. Midzi yathu ya kumtunda kuno akuti kulibe ndi mmodzi yemwe. Tsono mverani chifukwa chake nambala ndi zofunika. Pali bungwe lina likufuna kutsegula kalasi ya ana osamva, ndipo lili ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa chinenero chamanja. A bungwelo anayang'ana nambala zomwezi. Ataona kuti kuno kulibe, akuganiza zokaitsegula kutsidya kwa mtsinje wa Thuchila. Lachinayi kubwera mayi wa bungwelo kudzamva kwa makolo asanatseke nkhani."

Jennifer anadzifunsa chamumtima. Kulibe? Nanga Alefa? Nanga Filipo, amene amatumizidwa kudimba kusanache n'kubwerako dzuwa litalowa? Nanga Pemphero wa kwa a Kingstone, amene amamutsekera m'khitchini kukabwera alendo? Onsewa Jennifer ankawadziwa. Paja palibe chimene chinkamudutsa.

Anzake atatuluka, iye anatsalira.

"Madamu, nanga ngati nambalazo zikunama?"

A Madamu anamuyang'anitsitsa. "Nambala sizinama zokha, mwana wanga. Zimanena zimene zinauzidwa."

2. Dengu la tiyi

Kuti mumvetse bwino, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Kalembera uja anafika anthu asanaiwale mphekesera za anamapopa. Nthawi imeneyo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankaoneka ngati wopopa magazi. Ndiye taganizani, kukubwera anyamata ndi atsikana osadziwika, atanyamula timakina towala, akulowa khomo ndi khomo n'kumafunsa kuti, "Muno munagona anthu angati?"

A Lenard, monga mwinimbumba, anazungulira nyumba zonse za alongo awo. Lamulo linali limodzi: mwana aliyense amene sali bwinobwino asaoneke.

A Dainess anali ndi dengu lalikulu limene anabwera nalo kuchokera ku esiteti, kumene ankathyola tiyi. Wolemba anthu atatulukira panjira, anamukhazika Alefa pansi, n'kumuvindikira ndi dengulo, n'kuyala chitenje pamwamba. Kenako anamuuza Jennifer kuti akhale padengupo ngati pampando.

Jennifer anakhaladi. Wolemba uja akufunsa mafunso, tizala ta Alefa tinkatulukira m'mipata ya dengu n'kumamugirigisha kumiyendo. Alefa ankayesa kuti ndi masewera achibisalirano.

"Ana muli nawo angati, mayi?"

"Mmodzi yekhayu," anayankha a Dainess, akuloza Jennifer.

Wolembayo anadina pakamakina kake, anathokoza, n'kumapita. Nyumba zinanso zinachita chimodzimodzi, aliyense ndi pobisa pake.

3. Mawu a malume

Jennifer atabwera kusukulu anapeza amayi ake akusenda chinangwa pakhonde. Sanadikire n'kuvula yunifolomu komwe. Anakhuthula zonse: za foni, za bungwe, za Lachinayi.

A Dainess anasiya mpeni. Anayang'ana Alefa, amene ankaumba tiziwiya tadothi pansi pa mtengo wa mapeyala. Maso awo anachita ngati akufuna kuvomera, koma pakamwa panatuluka zina.

"Zimenezi n'zosandiyenera ine ndekha. Kaitane malume ako."

A Lenard anabwera akukankha njinga yawo. Anakhala pachitsa, anamvetsera, kenako anatsokomola.

"Iwe Jennifer, tsegula makutu, poti iwe Mulungu anakupatsa. Ukuyesa ife tinamubisa mwanayu chifukwa chomuda? Unali wamng'ono, sukudziwa. Chaka chimene amako anakhoma malata panyumbayi, anthu anati chiyani? Anati Dainess wakhwimira mwana wake. Anati anamutseka makutu ndi pakamwa kuti apeze malata. Kutchalitchi azimayi ankasuntha akakhala nawo pafupi. Bambo ako anapirira miyezi ingapo, kenako ananyamula jekete n'kumapita, mpaka lero. Nkhaniyo inazima chifukwa mwanayu anasiya kuoneka. Lero iwe ukufuna kuiyatsanso?

"Ndiye za kuwerengazo. Ife makolo athu anabwera kuchokera kutsidya kwa malire akuthawa anthu olemba mayina. Ukalembedwa, mawa ankabwera kudzakutenga. Mbuzi ndi nkhuku ndiye timawerenga. Mwana wa munthu, makamaka wofooka ngati uyu, suloza chala n'kumati wachiwiri, wachitatu. Amene akumva si anthu okha.

"A mabungwewo tawaona ambiri. Amabwera ndi galimoto yoyera, kujambula mwana, kupita. Chithunzi chikaonekera kutali, manyazi atsala pakhomo pano. Alefa akudya, akuvala, akugona m'nyumba. Chimene akusowa n'chiyani? Lachinayi mwanayu asatuluke pabwalo lino. Ndanena ine."

"Koma malume, sadziwa ngakhale dzina lake lomwe," anatero Jennifer. "Sadziwa kuti ndi Alefa."

"Ife tikulidziwa. N'zokwanira."

A Lenard atakwera njinga, Alefa anafufumitsa masaya n'kutuzula maso. Tsiku limenelo Jennifer sanaseke.

4. Khomo ndi khomo

Mawa lake Jennifer anaganiza zoti ngati ana atabwera ambiri, malume sangakalipire nyumba imodzi. Anayambira kwa amayi ake a Filipo.

Apa pali chinthu choti mudziwe. Filipo ndiye woyamba kubadwa m'nyumba imeneyo, koma mudzi wonse umawatchula mayiwo kuti amake Favour, dzina la mwana wachiwiri. Dzina la Filipo linalumphidwa ngati chithaphwi.

Anawapeza akupeta nandolo.

"Odi, amake Favour!"

"Lowa, wailesi. Lero watibweretsera za yani?"

Jennifer anagwada pambali n'kufotokoza motsitsa mawu. Atangotchula Filipo, lichero linaima.

"Iwe mwana wa Dainess, undimvere bwino. Chikhala kuti nkhaniyi yabwera ndi munthu wina, mwina ndikanakhala pansi n'kuganiza. Koma iwe? Si iwe unafalitsa kuti amuna anga amagona kumsika kwa mayi wogulitsa kachasu? Ndinamva kuchigayo, anthu akundiloza ndi milomo. Si iwe unauza pamjigo ponse kuti mlongo wanga anabwezedwa ku ukwati chifukwa cha mkodzo wa pamphasa? Zoona kapena zabodza, iwe unalibe nazo ntchito, bola anthu aseke. Lero ukuti ndikupatse mwana wanga? Kuti mawa Nkando yense adziwe mmene amalirira, mmene amadyera? Pakamwa pakopo mtsikana iwe padzakutsekera makomo tsiku limene udzafune kuti akutsegulire. Nyamuka. Kuno kulibe mwana wosamva."

Kwa a Kingstone sanafike n'komwe pakhonde. Akazi awo atangomuona akubwera, anakoka chitseko cha khitchini n'kuimirira kutsogolo kwake, manja ali m'chiuno.

Pobwerera anakumana ndi Kondie.

"Bwanji nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo?"

"Akundikana onse."

"Aaa, nanga umayesa bwanji? Ndi iwe wemwe unawaphika ndi miseche yako. Ingozisiya, mwali. Malume ako aja sachita nthabwala."

5. Lachinayi

Lachinayi a Dainess analawirira kumunda. Potuluka sananene kanthu, koma anasiya sopo watsopano pamwala wa kubafa. Kaya anaiwala, kaya anachita dala, palibe akudziwa.

Jennifer anamusambitsa Alefa, anamudzoza mafuta, n'kumuveka yunifolomu yake yakale, imene inamufika m'akakolo. Anamugwira dzanja. Sanadzere njira ya kuseri ya m'chinangwa ayi. Anadzera njira yaikulu, yodutsa pamjigo penipeni.

Eee, abale! Azimayi anasiya kupopa. Wina ndowa inamugwa. Alefa sanazione zimenezo. Iye maso anali pa njinga zakabaza, pa mbuzi, pa phiri limene linkaoneka lonse tsiku limenelo popanda mtambo. Atafika pasukulu n'kuona ana ambirimbiri ovala ngati iye, anaima chilili, kenako anayamba kudumphadumpha.

Makolo anali atakhala m'kalasi ya Sitandade 8. Amake Favour analipo, a Kingstone analipo, poti anamva kuti kubwera bungwe ndipo ankayesa kuti mwina kugawidwa mbewu. Kutsogolo kunali a Madamu Marjory ndi mlendo uja, mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake a Christobel.

Kenako Jennifer analowa ndi Alefa.

A Christobel ananyamuka, anagwada kutsogolo kwa Alefa, n'kuyamba kuyendetsa manja. Alefa sanamve tanthauzo lake, poti sichinali chinenero cha iye ndi Jennifer. Koma anazindikira chinthu chimodzi: munthu wamkulu, wovala bwino, akulankhula ndi manja ngati iye! Anawagwira zala a Christobel n'kumaziyang'ana uku ndi uku. Mayiwo analoza makoma, analoza bolodi, kenako anamuonetsa chizindikiro cha sukulu. Alefa anachibwereza kamodzi kokha n'kuchikhoza.

"Mwana wanzeru uyu," anatero a Christobel, akuimirira. "Makolo, nambala zimene tili nazo zikuti kuno kulibe ana otere. Koma nayu mmodzi. Alipo ena? Mukandionetsa kuti alipo angapo, ndili ndi poyambira kukawauza akuluakulu anga kuti aganizenso."

Wina ankayang'ana kudenga, wina ankakonza chitenje. Amake Favour anaweramitsa mutu. A Madamu ananena pambuyo pake kuti mayiwo anali atatsala pang'ono kukweza mkono.

Koma Jennifer sanathe kudikira. Pakamwa paja panatseguka pokha.

"Alipo! Filipo wa amake Favour awo, amamubisa kudimba! Pemphero wa a Kingstone amamutsekera m'khitchini ngati mbuzi, ndinamuona ndi maso angawa akudyera pansi!"

Anthu anatembenuka onse kuyang'ana amake Favour ndi a Kingstone. Kumbuyo wina anaseka.

Amake Favour anadzuka, nkhope itauma gwa. "Ine mwana wanga woyamba ndi Favour. Funsani aliyense muno dzina langa." Anatuluka.

A Kingstone anamenya desiki. "Mwatiitanira kuti tidzatukwanidwe ndi kamwana aka? Kwanga kulibe mwana wotero! Amene akufuna kuwerenga akawerenge za kwa amake!" Nawonso anatuluka, ndipo makolo ena anawatsatira mmodzimmodzi mpaka m'kalasimo munatsala mabenchi okhaokha.

A Christobel anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ndikukhulupirira kuti ukunena zoona. Koma ine sindingakalowe m'khitchini mwa munthu. Amene amagawa aphunzitsi sanafikepo kuno ndipo sadzafika. Iwo amatsegula nambala zomwe zija anakuonetsani a Madamu. Kutsidya kwa Thuchila makolo anawatchula ana awo, ndipo akuoneka. Kuno akuona kuti kulibe. Ndikakanena kuti ndapeza mmodzi, adzati mmodzi sitingamutsegulire kalasi."

"Ndiye akonze nambalazo! Alembemo Alefa!"

"Sizikonzedwa ndi ine kapena iwe. Zidzasintha akadzawerenganso anthu."

"Liti?"

"Kalembera amachitika pakapita zaka khumi. Ndiye kuti atulutse zotsatira, mabungwe aziwerenge, apeze mphunzitsi wina..." Sanamalize. Anayang'ana Alefa. Jennifer anamva zimene sananenezo: pofika nthawiyo Alefa adzakhala namwali, msinkhu woyamba sukulu utapita kalekale.

"Nanga kutsidyako sangapite?" anafunsa a Madamu.

"N'kutali, sangayende tsiku ndi tsiku. Pokhapokha atapezeka wachibale womusunga kumeneko, komanso eni mwana atavomera."

Eni mwana! Jennifer anaona nkhope ya a Lenard m'maso mwake.

Galimoto ya a Christobel itapita, a Madamu anamugwira Jennifer paphewa. "Unachita bwino kumubweretsa mng'ono wako. Pamenepo usadzadandaule. Koma ana a eni ake sunayenere kuwatchula pagulu. Munthu amene wabisa chinthu zaka zonsezi amafunika kuti achitulutse yekha, ndi dzanja lake. Ukamulanda, amachikankhira mkati kwambiri."

Panjira yobwerera Alefa ankangobwereza chizindikiro chija cha sukulu. Kenako anamukoka Jennifer malaya, n'kuika tsaya pachikhatho, n'kuloza kumene dzuwa limatulukira. M'kalankhulidwe kawo ndiye kuti: tikagona, tikadzuka, tibweranso?

Jennifer, mtsikana amene sanasowepo chonena chibadwire, manja ake anangolendewera.

6. Njinga pabwalo

Nkhani inali itawatsogolera. Paja pamjigo sipagona mawu, ndipo ulendo uno wofalitsa sanali Jennifer.

Anapeza njinga ya a Lenard itatsamira mtengo wa mapeyala. Pahandulo panali patamangidwa kamtolo ka chitenje, ndipo m'mphepete mwake munkaonekera diresi lofiira la Alefa. A Dainess anali atakhala pakhonde, miyendo ili tambalale, maso atatupa. Pambali pawo panali dengu lija la tiyi, tiziwiya tadothi ta Alefa tili momwemo.

A Lenard sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Wachita zimene umafuna," anatero motsitsa. "A Kingstone abwera kale pano. Amake Favour akuti akatisumira. Kumsika ayambiranso za malata zija. Mwanayu pano sangakhalenso. Ndikukamukweza minibasi pa Nkando, tikatsikire ku Muloza, ndikamusiye kwa achemwali athu kutsidya kwa malire. Kumeneko palibe adzabwere kudzafunsa kuti muno munagona angati."

"Amayi!" anakuwa Jennifer. "Amayi, nenani kanthu!"

A Dainess anayang'ana mchimwene wawo. Anaphimba nkhope ndi chitenje.

Alefa anayang'ana njinga, anayang'ana kamtolo ka zovala zake, nkhope yake n'kuwala. Anathamanga, anakwera yekha pakaliyala, yunifolomu ija ikukwekwereza pa sipoko. Atakhazikika anatembenukira kwa Jennifer akuseka, n'kukweza manja kupanga chizindikiro chimene anaphunzira m'mawa uja.

Sukulu.

A Lenard anagwira mahandulo n'kukankha. Njinga sinasunthe. Anacheuka n'kupeza manja onse awiri a Jennifer atakakamira chitsulo cha kaliyala.

"Siya njinga, iwe."

Kumsewu kunamveka hutala ya minibasi ikuitana anthu. Jennifer anaponda zolimba pansi, n'kuwonjezera kufinya chitsulocho.